Mboni Zitatu pa Khoma

Mutu 6

1. Kugogoda khoma

Nyumba ya kwawo kwa Mafunso inali ndi ming'alu yambiri kunja. Ina inali yopyapyala ngati tsitsi, ina yoti chikhadabo n'kulowa. Chaka chathacho madzi a mvula analowa m'ming'aluyo, penti wam'kati n'kutupa, zovala za m'kabati n'kuchita nkhungu. Chaka chino amayi anati zimenezo zisachitikenso. Kutatsala mwezi umodzi kuti mvula iyambe, anaitana mmisiri wa pulasitala.

Mafunso anali mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi. Dzina lake lenileni linkamveka kusukulu kokha. Pakhomo ankamutchula Mafunso chifukwa sankatha kuona chinthu n'kungochidutsa osafunsa.

Amisiri anafika Loweruka m'mawa pa njinga. Anali bambo wachikulire, wamfupi, manja ali mbuu ndi simenti. Sanayambe n'kusakaniza matope ayi. Anatulutsa hamala, n'kuigwira chozondotsa, n'kuyamba kugogoda khoma ndi chogwirira chake.

"Mukugogoda kuti akutsegulireni ndani?" anafunsa Mafunso.

"Bwera uike khutu apa," anatero amisiri.

Anagogoda pafupi ndi zenera, go, go, go. Anatsitsa dzanja pang'ono, bu, bu, bu.

"Apa pakulira ngati chigubu chopanda madzi," anatero Mafunso.

"Eya. Pamenepo pulasitala anasiyana kale ndi njerwa. Wangoima chifukwa cha ulemu."

Paliponse pamene panalira ngati chigubu, amisiri ankazunguliza mzere ndi choko. Atatha anatenga tchizulo, n'kuilowetsa mu mng'alu wopyapyala, n'kuyamba kuukulitsa. Tizidutswa ta pulasitala tinkagwa pansi.

"Amayi! Bwerani! Akuwonjezera ming'alu!" anakuwa Mafunso.

Amayi anatuluka manja ali thovu lokhalokha. Amisiri anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi, mwana wanuyu akanakhala wapolisi ndikanagona m'chitokosi lero. Taona iwe. Kamng'alu kopyapyala chonchi matope sangalowemo, amangokhala pamwamba ngati mafuta odzola. Ndiye timakatsegula kaye kuti chala chilowe, n'kusesamo fumbi ndi burashi, n'kuthiramo madzi khomalo limwe likhute. Khoma laludzu limayamwa madzi onse a m'matope, matopewo n'kuuma asanagwire. Tikamata, masiku atatu uzidzawaza madzi m'mawa ndi madzulo."

"Simenti yokhayokha si ndiye ingalimbe kwambiri?"

"Imeneyo ndiye imang'aluka msanga. Popanda mchenga imakhwinyata ikamauma."

Pofika masana anali atamata ming'alu yambiri. Koma itatu ikuluikulu anaisiya. Pa uliwonse anangopaka kachigamba ka matope kopingasa mng'aluwo, kakukula ngati chikhatho, kopyapyala ngati bisiketi. Pambali pake analemba tsiku ndi msomali.

"Nanga iyi simukumaliza bwanji?" anafunsa Mafunso.

Amisiri anapukuta manja, n'kukhala pa ndowa yovundikira.

"Izi ife timati mboni. Tamvetsera bwino mwana wanga. Pali mng'alu wakufa, pali mng'alu wamoyo. Wakufa unang'ambika kamodzi, mwina dzuwa litaumitsa pulasitala mofulumira, n'kuthera pomwepo. Umenewo ukamata wamata. Wamoyo ukuyendabe, chifukwa chimene chikuukoka sichili pakhoma, chili pansi. Poyang'ana ndi maso sungasiyanitse. N'chifukwa chake timaika mboni. Khoma likasuntha pang'ono pokha, mboniyo imasweka. Ine ndinamatapo mng'alu wamoyo kamodzi. Mwini nyumba anandikakamiza poti kunkabwera alendo. Ndinamata bwinobwino, n'kupaka penti, aliyense n'kuyamikira. Khoma lija linagwa mvula yachiwiri, masana, mwamwayi anthu ali ku ntchito. Linaphwanya bedi ndi makina osokera. Papita zaka makumi awiri, koma ndikamadutsa msewu umenewo ndimayang'ana kumbali."

Kenako anamuloza ndi mpeni womangira.

"Ndibweranso pakatha masabata awiri. Poti maso akowo sapuma, uziziyang'ana m'mawa uliwonse. Chimene waona uzilemba m'kope. Usazikhudze."

2. Chipinda cha achimwene

Mboni ziwiri zinali kumaso kwa nyumba. Yachitatu inali kuseri, pa chipinda chakumapeto.

Chipindacho anachimanga mchimwene wake wa Mafunso, yemwe ankakonza njinga zamoto. Anachiphatikiza ku nyumbayo yekha ndi anzake awiri, Loweruka ndi Lamulungu, mkazi wake ali woyembekezera. Tsopano ankagonamo atatu: iye, mkazi wake, ndi mwana wawo wa miyezi isanu. Mwanayo onse ankamutcha Abwana, chifukwa akangolira nyumba yonse inkathamanga.

Lamulungu pa chakudya cha masana, achimwene anayamba kuseka amisiri.

"Madala ajawa ulesi. Ming'alu itatu yokha mpaka masabata awiri? Ine ndikanamata ndi dzanja limodzi, linalo ndikumwa tiyi."

"Ngati mmene unapachikira chitseko chija?" anatero amayi.

"Chitseko chinatupa ndi chinyezi."

"Chinyezi cha mwezi uno? Fumbi lonseli?"

Mafunso anaseka. Achimwene anamuponyera khoko la lalanje.

Amayi anaika supuni pansi.

"Ndinene pano nonse muli pompo, mawa wina asadzati sanamve. Mboni ya kuseri ija ikasweka, mdzukulu wanga sagonanso m'chipinda chija ngakhale tsiku limodzi. Muno malo mulibe, mukudziwa nokha. Apongozi atenga mwana apite kwa amayi awo mpaka khomalo litakonzedwa. Amayi awowo ananena kale tsiku lomwe anabwera kudzaona mwana, kuti chipinda chomangidwa ndi okonza njinga iwo sachikhulupirira. Iwe mwana wanga, ine ndinakuikira kumbuyo. Usandichititse manyazi kawiri."

Kwawo kwa alamu, mkazi wa achimwene, kunali ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Alamu anaweramira mwana, n'kumamukonza kolala yomwe inali kale bwinobwino.

3. Kamzere

Masiku asanu ndi atatu Mafunso ankalemba mawu omwewomwewo m'kope: zonse zili bwino. Anayamba kutopa nazo.

Lolemba la sabata yachiwiri, atavala kale yunifomu, anaona kamzere pa mboni yachitatu. Anayesa ulusi wa kangaude. Anauzira, koma sikanachoke.

Lachiwiri anang'amba kakona ka pepala la m'kope, n'kukayandikiza. Kanalowa.

Lachitatu anabweretsa lezala. Linalowa, n'kuima lokha osagwa.

Zonsezi analemba. Amayi sanawauze. Ankafuna aone kaye ngati kamzereko kapitirire, komanso mawu a Lamulungu aja anali asanawaiwale. Amayiwo popanda magalasi sankaona tinthu tating'ono, ndipo kuseri sankapitako kawirikawiri.

Lachinayi m'mawa akuyesa ndi kamtengo ka machesi, anamva munthu kumbuyo kwake. Anali achimwene, mswachi uli m'kamwa. Anayang'ana mboniyo nthawi yaitali, n'kulavula.

"Wauza ndani?"

"Palibe."

"Ndiwe mlongo wanga weniweni." Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi simenti yodzaza manja awiri, yokulunga m'nyuzipepala. "Ukaweruka kusukulu usakanize ndi kamchenga, upake pamwamba pang'ono pokha. Ikauma uwazepo fumbi. Madala aja maso awo ndi a dzana."

"Bwanji osapaka nokha?"

"Ine amayi akandiona ndi simenti m'manja adziwa. Iwe tsiku lililonse umakhala pakhoma pano ngati buluzi, akufunsa ndani?"

"Amisiri anati ndisakhudze."

"Amisiri ndi abale ako? Tamvera. Khoma ili ndinamanga ine, ndikulidziwa. Nyumba yatsopano iliyonse imakhazikika pang'ono, kenako imasiya. Ukufuna Abwana apite? Akachoka pano ali ndi miyezi isanu, adzabwera akuyenda, iwe osakudziwa n'komwe. Azidzalira ukamunyamula."

Mafunso analandira nyuzipepala ija, n'kuibisa kuseri kwa thanki.

4. Dothi lonyowa

Ataweruka anatenga chivindikiro cha chitini cha penti ndi supuni yakale. Anathira theka la simenti ija, mchenga pang'ono ndi madzi, n'kutakasa. Anagwada pakhoma.

Atagwada choncho anaona chimene sankachiona ataimirira. Mng'alu uja sunathere pa mboni. Unatsika mpaka pansi, n'kulowa m'dothi. Kodi umathera pati? Anaika chivindikiro pambali, n'kuyamba kufukula ndi supuni.

Dothi lapamwamba linali louma. Pansi pake linali lakuda, lonyowa, lomata ku supuni. Koma mvula inali itasiya miyezi isanu yapitayo.

Pafupi ndi mpanda panali chitsulo chachitali chotsala pomanga. Anachitenga, n'kuchibaya pansi pafupi ndi khoma. Chinalowa mosavuta mpaka utali wa mkono wake. Anachizula, n'kuthamanga nacho kumaso kwa nyumba. Kumeneko chinakana, ngakhale anachitsamira ndi thupi lonse. Anayesa pambali pa khitchini, chinakananso. Anabwerera kuseri, chinalowa ngati m'phala.

"Sunthani alamu, ndingakuthireni."

Anali alamu ake, beseni la madzi ochapira matewera lili m'manja.

"Musathire apa!"

Alamu anadabwa. "Si pomwe timathira masiku onse? Munandionetsa ndinu."

Zinali zoona. Ngalande inali kutsogolo, pafupi ndi geti. Amene sanachapepo matewera sadziwa kulemera kwa beseni ulendo wachinayi. Sabata yoyamba mwana atabadwa, Mafunso ndiye anatulukira kuti pakona imeneyi madzi sadikha, amangolowa pansi nthawi yomweyo. Anasangalala nazo kwambiri. Kuyambira pamenepo mabeseni anayi kapena asanu ankathera pomwepo tsiku lililonse.

Alamu anatula beseni. Anaona dzenje, chitsulo, ndi chivindikiro cha simenti.

"Akutumani achimwene anu?"

Mafunso anagwedeza mutu kuvomera.

"Tabwerani muone."

Chitseko cha chipindacho anachita kuchikankha ndi phewa. M'kati, Abwana anali m'tulo pa kabedi kawo, manja ali m'mwamba ngati wogonja. Pamwamba pa kabediko panali kalendala yaikulu.

"Imeneyi ndi ya chaka chatha," anatero alamu monong'ona. "Mumayesa ndikuisungira zithunzi?"

Anaikweza. Kuseri kwake kunali mng'alu womwe uja, koma m'katimu unali waukulu. Anali atatsekamo nsanza. Alamu anasolola kansanza kamodzi, ndipo kuwala kwa panja kunaoneka. Timchenga tinagwera pa bulangete la mwana. Anatisansa msangamsanga.

"Timeneti ndimasansa m'mawa uliwonse. Chitseko achipala kawiri, chikukanabe."

"Bwanji osanena?"

"Ndinene ine? Achimwene anu adzati ndikufuna kubwerera kwathu. Amayi anga adzati ndinakuuza. Ine pano ndine wobwera, alamu. Pakamwa panga ndi pafupi ndi geti."

"Ndiye mukufuna nditani?"

"Ndikufuna kukhala pano. Ndikufunanso mwana wanga azigona poti sindikusansa mchenga. Zisankheni nokha, ine zandikanika."

Mafunso anathandiza kukokera kabedi kaja pakati pa chipinda. Atatuluka anapeza matope a m'chivindikiro atauma ndi dzuwa. Theka lina la simenti linali likadali m'nyuzipepala, ndipo madzi anali pomwepo m'beseni. Anaima kanthawi. Kenako anakulunga nyuzipepala ija, n'kunyamula beseni kukataya ku ngalande.

Lachisanu m'mawa anadikira achimwene pa geti, n'kuwapatsa simenti yawo.

"Sindinamate."

"Wati chiyani?"

"M'kati mwang'ambika mpaka kuoneka kunja. Mchenga ukugwera Abwana."

"Ndiye ndimata ndekha."

"Matani. Koma amisiri akandifunsa, ndiwawerengera zimene zili m'kope."

Achimwene anamuyang'ana ngati akumuona koyamba. Anaponya nyuzipepala ija m'ngalande, n'kuliza njinga yamoto mwamphamvu mpaka agalu a kwa aneba anauwa.

5. Amisiri abweranso

Loweruka achimwene sanapite ku ntchito. Onse anatsatira amisiri kuzungulira nyumba.

Mboni yoyamba inali yathunthu. Yachiwiri chimodzimodzi.

"Iyi ndi yakufa. Timata lero lomwe," anatero amisiri.

Atafika kuseri sanachite kuwerama n'komwe. Mboni yachitatu inali itagawika pawiri, mbali imodzi itatsika pang'ono kusiyana ndi inzake.

"Mlembi wanga, inayamba liti?"

Mafunso anatsegula kope. Anawerenga za kamzere, za pepala, za lezala, ndi za kamtengo ka machesi. Za nyuzipepala sananene. Atatseka kope anawonjezera ndi mawu otsika.

"Pansi apa ndi ponyowa. Ndimathirapo madzi a matewera chibadwire mwana. Ndinayambitsa ndine."

"Iwe!" anatero amayi. "Ngalande ija anaikumbira mbuzi?"

"Musiyeni kaye mayi," anatero amisiri. Anapempha khasu, n'kuyamba kukumba m'mbali mwa khoma.

Maziko anathera pafupi kwambiri, njerwa zitatu zokha pansi pa dothi. Amisiri anayang'ana achimwene, n'kupitiriza kukumba. Khasu linagunda chinthu. Anatulutsa chitini chadzimbiri. Kenako botolo losweka, nsapato ya mwana yowola, ndi mapepala apulasitiki akuda bii.

"Apa panali dzenje la zinyalala," anatero. "Lakalekale."

"Ife tinapeza pali posalala, pamera kapinga," anatero amayi.

Amisiri anatsamira khasu, n'kutembenukira kwa achimwene.

"Mwana wanga, njerwa unayala bwino, sindikunamiza. Mizere yako ndi yowongoka kuposa ya anyamata ena amene ndinawaphunzitsa ndekha. Koma unayamba kumanga usanafunse pansi. Pokumba maziko sitiyeza ndi tepi yokha ayi. Timakumba mpaka khasu litayamba kudunda, dothi litasintha mtundu. Iwe unakumba pofewa n'kusangalala kuti ntchito yayenda msanga. Mlongo wakoyu nayenso anapeza pomwe madzi amalowa msanga n'kusangalala. Nonse awiri dothi linkakuuzani chinthu chimodzi, koma munamva zokukomerani. Madzi aja angofulumizitsa, khomali likanatsikabe mvula ikubwerayi. Tsopano umve. Lingakonzeke. Tichirikiza ndi mitengo, tikumba pang'onopang'ono mpaka dothi lolimba, n'kuthira konkire. Pulasitala abwera pomalizira penipeni. Koma ndi ntchito ya miyezi, ndipo kuyambira lero muno musagone munthu. Ngakhale mphaka."

Amayi anatembenukira kwa alamu.

"Apongozi, imbirani amayi anu. Basi ya mawa m'mawa."

Alamu anangoti, "Chabwino amayi." Anapita kukatenga mwana. Podutsa pafupi ndi Mafunso anamugwira pamkono kamodzi, osamuyang'ana.

Achimwene anakhala pansi pa mulu wa dothi, chitini chadzimbiri chili m'manja.

"Wasangalala?" anafunsa.

"Ayi," anatero Mafunso.

M'nyumba munamveka kukoka kwa sutikesi pansi pa bedi, kenako kulira kwa Abwana. Palibe anathamanga.

Amisiri anali asanatuluke m'dzenje. Ankayang'ana mbali imene zinyalala zinalowera.

"Tandipatsa chitsulo icho."

Mafunso anawapatsa. Sanachibaye choongoka. Anachipendeketsa, kuloza pansi pa khoma la nyumba yaikulu, pamene chipinda cha achimwene chinalumikizana nayo. Anakankha ndi dzanja limodzi. Chitsulo chinalowa, n'kulowabe, mpaka m'manja mwawo munatsala kachidutswa kogwira.

Anachisiya momwemo. Anatuluka m'dzenje pang'onopang'ono, n'kuika chikhatho pa khoma losalala, lopanda mng'alu ngakhale umodzi.

"Apa mboni sindinaikepo," anatero. "Mayi, chipinda ichi amagonamo ndani?"

Amayi anayang'ana Mafunso.

"Ine," anayankha Mafunso.